Masamba Achilendo m'Masaka Asanu

Anadziwa asanatule n'komwe chikwama.

Masaka asanu obzalamo matimati aja anali pamalo pake kuseri kwa nyumba, pamzere wotsamira mpanda wa njerwa. Kadenga ka mabango kotchinga dzuwa la masana kanali chilili. Zichiri zinali zozikidwa mowongoka, zingwe zomangidwa mwaluso kuposa mmene iye mwini akanamangira. Matimati nawonso anali obiriwira, onenepa, ofika m'mawondo. Cholakwika chinali chimodzi chokha: sanali ake.

Matimati a malemu amayi ake anali a masamba otambalala, osalala m'mphepete ngati a mbatatesi. Awa anali a masamba a manomano ngati sowo, mtundu umene umapezeka m'dimba la aliyense.

"Waona mmene anenepera?" anatero Kalipentala, chibwenzi chake, ataima kumbuyo kwake ndi katundu amene anamunyamulira kuchokera kudepoti. "A Mlimi, ingondilembani ntchito basi. Milungu itatu yokha, koma taonani."

Dzina la Mlimi anamupatsa ndi iyeyo, tsiku limene anabwera kudzakonza chitseko cha nyumbayi n'kupeza mtsikana wa digiri yake atagwada m'fumbi, akukalipira mbozi. Kuchokera tsikulo dzinalo linamukakamira, ndipo chitsekocho chinakonzedwa kanayi ngakhale chinali chitachira ulendo woyamba womwe.

Mlimi anagwira tsamba limodzi n'kulitikita pakati pa zala.

"Anenepadi," anatero. "Sanakuvute?"

"Ana omvera awa. Madzi m'mawa, madzi dzuwa likapendeka, monga unanenera."

"Palibe chimene chinachitika?"

Kalipentala anayang'ana kadenga kaja, n'kugwedeza nsanamira imodzi ngati akuyesa kulimba kwake. "Mphepo yokha. Inavuta Lachinayi lija. Koma denga langa silinasunthe."

Mlimi anadikira. Koma mnyamatayo anangomwetulira, thukuta likutsikira m'kolala.

"Zikomo," anatero Mlimi. "Wagwira ntchito."

* * *

Amayi ake sanasiye nyumba kapena munda. Anasiya makapu osafanana, nsalu zingapo m'sutikesi, ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa kodzaza phulusa. M'phulusamo munali njere za matimati amene pabanjapo ankawatcha Makwinya.

Anali matimati oipa nkhope. Aakulu ngati chibakera, okwinyikakwinyika, akuda m'mapewa, ong'aluka akangolawa mvula. Pamsika palibe akanawayang'ana kawiri. Koma ukadula limodzi n'kulawa, unkayamba kukayikira ngati zinthu zofiira zimene wakhala ukudya moyo wako wonse zinalidi matimati. Amayi analandira njerezo kwa amayi awo. Chaka chilichonse ankasiya chipatso chimodzi kuti chipse mpaka kufewa, n'kuchifinyira m'kapu, kuchisiya masiku atatu chichite thovu, kutsuka njerezo ndi kuziyanika pamthunzi. Ankachita zimenezi akung'ung'udza nyimbo, ndipo mwana aliyense wogwira kapuyo ankalawa chikoti.

Kumene Mlimi ankakhala tsopano sikunali kwa matimati otere. Dzuwa linkatuluka litakwiya kale. Pofika masana mphepo inkawomba ngati yochokera m'ng'anjo, maluwa n'kuyoyoka asanagwire chipatso. Pampopi madzi ankatuluka kawiri pamlungu, ndipo tsiku lake ankasankha okha. Chaka choyamba amayi atamwalira anafesa theka la njere, dzuwa n'kupsereza zonse. Chaka chachiwiri anaphunzira za mthunzi ndi zobzala m'masaka, koma mvula inabwera yamkuntho, chiwawu n'kumaliza mitengo yonse m'masiku anayi. Chaka chino anasefa phulusa lija n'kupeza njere zisanu ndi zinayi. Anafesa zonse, poti njere nazo zimakalamba. Zinamera zisanu ndi ziwiri. Zinapirira zisanu.

Ndiye pamene akulu ake anachitidwa opaleshoni, iye n'kuyenera kupita kukawasamalira, anasiya m'manja mwa Kalipentala chinthu chokhacho cha amayi ake chimene chinali chikupumabe. Anamulembera malangizo papepala, masamba awiri, ngati mayi wosiya khanda kwa oyandikana nawo.

Kalipentala atangotuluka pageti tsiku limenelo, Mlimi anaimbira akulu akewo.

"Asisi, wasintha matimati."

"Wasintha bwanji? Matimati ndi matayala?"

"A amayi kulibe. Wabzala ena."

"Onse?"

"Onse asanu."

"Wamufunsa?"

"Ndikufuna anene yekha."

Akulu ake anaseka, kenako n'kubuula chifukwa cha bala. "Usandiseketse iwe, ulusi ungaduke. Chitsiriza wa amayi iwe, mwamuna kunena yekha? Alamu akowa anaswa galasi la kabati chaka chatha, mpaka lero akuti ndi mphaka. Mphaka tilibe pakhomo pano."

"Uyu si alamu."

"Alamu akonso poyamba sanali choncho." Kenako mawu awo anafewa. "Walira?"

"Ayi."

"Lira, mwana wa amayi. Iwe vuto lako umauma ngati chikuni, kenako umayaka."

Mlimi anafunsa za bala, anafunsa ngati amwa mankhwala, n'kudula foni. Kenako anatenga ndowa ya madzi otsukira mpunga amene ankasunga, napita kukathirira ana a eni.

* * *

Anawathirira masiku khumi. M'mawa uliwonse ankadzuka dzuwa lisanakwiye, kuthira madzi patsinde osanyowetsa masamba, kutsina tinthambi tosafunika, zonse monga ankachitira ndi a amayi ake. Ndipo m'mawa uliwonse foni inkalira ndi uthenga wa Kalipentala.

"Ana athu adzuka bwanji?"

"Ali bwino."

"Ayamba maluwa?"

"Ayamba. Ang'onoang'ono." Anayang'ana mawuwo kanthawi, n'kuwonjezera: "A amayi ankakhala aakulu, ngati awiri ophatikizana."

Anaona pafoni kuti Kalipentala akulemba. Kenako wasiya. Kenako akulembanso, nthawi yaitali, yokwana munthu kuulula machimo a chaka chonse. Mlimi anakhala pandowa yovundikira. Akanangonena, ankadziuza. Akanangonena, iye akanalira, akanamutukwana, mwina akanamugenda ndi chichiri, koma pofika madzulo akanamuphikira tiyi.

Uthenga unafika. "Mwina ndi dzuwa."

Pasanathe mphindi unafika wina. "Nkhani yabwino! Amayi avomera kukuona. Loweruka masana. Uvale diresi yobiriwira ija."

Amayi a Kalipentala anakhala akuzemba kukumana naye miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi ina mutu, nthawi ina miyendo, nthawi ina maliro a munthu amene mwana wawo yemwe sankamudziwa. Mlimi anakhala akuyembekezera uthenga umenewu ngati madzi apampopi. Lero unafika, ndipo iye anangouwerenga kawiri n'kuika foni m'thumba.

* * *

Pabalaza pa amayi a Kalipentala chilichonse chinali ntchito ya mwana wawo: mipando, tebulo, kabati yodzaza makapu amene palibe ankamwera, ngakhale mafelemu a zithunzi zake zomwe. Panali Kalipentala ali khanda, Kalipentala ali kusukulu, Kalipentala atanyamula satifiketi. Mlimi anakhala m'mphepete mwa mpando, mawondo pamodzi, akumva ngati walowa m'kachisi wa munthu mmodzi.

"Ndiye ndinu a Mlimi, amene mwana wanga wasiyira kudya pakhomo pano," anatero mayiwo atamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndine, amayi."

"Ndamva muli ndi digiri."

"Eya, amayi."

"Ya matimati?"

"Ayi, amayi. Matimatiwo ndinaphunzira kunyumba."

"Makolo?"

"Anatisiya onse awiri. Ndatsala ndi akulu anga."

"Pepani." Mawuwo anatuluka ouma. "Ndiye tsiku limene mudzayambane, ine ndidzakhala pansi ndi ndani? Munthu wopanda pobwerera amavuta, mwana wanga. Akakwiya amakwiyira m'nyumba momwemo."

"Amayi," anatero Kalipentala.

"Ndikufunsa. Kufunsa n'kulakwa?"

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ndipo panatulukira mtsikana wamtali wa zikhadabo zopaka zofiirira, atanyamula thileyi ya tiyi. Sanaodire. Anayenda ngati munthu wodziwa pamene simenti yapansi inang'aluka.

"Uyu ndi mwana wanga wina," anatero mayiwo, nkhope itawala koyamba. "Anakulira kuseri kwa mpandawu. Ali ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza kumsewu waukulu. Yakeyake, osati yolembedwa ntchito. Anthu amangomuti Wasitolo."

Wasitolo anapereka moni mwaulemu, n'kuyamba kuthira tiyi. M'kapu ya Kalipentala anathira shuga masipuni awiri ndi theka osafunsa. Mlimi ankadziwa za awiriwo. Za thekalo sankadziwa.

"Ndakhala ndikufuna kukuonani, asisi," anatero Wasitolo akumupatsa kapu. "Mbande zanga zija zagwira?"

Kapu ya Kalipentala inagunda m'sosala.

"Mbande zanu?" anafunsa Mlimi.

"Zisanu zija. Aa, achimwenewa anandivutitsa tsiku limenelo! Anabwera ndi tepi yawo yopimira matabwa, kupima mbande imodziimodzi kuti msinkhu ufanane ndi zakufa zija. Makasitomala ali pamzere, iwo ali chogwada, pensulo kukhutu. Ndinati achimwene, mukugula matimati kapena mukupanga bokosi?"

Mayi aja anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Utuchi! Mwana wanga kuphimbira matimati ndi utuchi wa matabwa a mankhwala. Ndinamuuza kuti iwe, chiswe chimene chimathawa mankhwala amenewo chili ndi miyendo. Nanga tomato athawira kuti?"

Mlimi anayang'ana Kalipentala. Mnyamatayo ankayang'ana m'kapu ngati wagwetsamo kanthu. Chimene chinamulasa Mlimi n'chakuti nkhaniyi inali yosalala, yoti yakambidwa kangapo. Makwinya a amayi ake anafa, ndipo maliro ake anachitikira pabalaza pano, ndi tiyi, ndi phwete.

Wasitolo anagwira pakamwa. "Kodi simumadziwa? Mayo ine, pakamwa panga! Ine ndimayesa anakuuzani." Maso ake sanapepese nawo.

"Ndimadziwa," anatero Mlimi, ndipo anadabwa mmene mawu ake anatulukira osanjenjemera. "Zagwira bwino. Zikomo."

Apa ndi pamene Kalipentala anadzutsa mutu.

"Ndipo mwapindula," anapitiriza mayiwo akupukuta misozi ya kuseka. "Awa a mwana wangayu amabereka ozungulira bwino, osati zoipa nkhope zimene ndamva zija. Zakufa zisiyeni zipite, mtsikana. Mukufuna kulowa m'banja mutanyamula maliro m'masaka?"

Mlimi anaika kapu pathileyi pang'onopang'ono kuti isalire. Anaimirira, nawongola diresi yobiriwira ija.

"Zikomo chifukwa cha tiyi, amayi."

* * *

Kalipentala anamupeza atadutsa kale nyumba zitatu. Dzuwa linali paliwombo, msewu uli mbee, agalu onse atabisala pansi pa magalimoto.

"Taima. Chonde, taima ndikufotokozere."

Mlimi anaima pamthunzi wopyapyala wa mtengo wa magetsi. "Fotokoza."

"Unalemba kuti ndiphimbire ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe. Udzu ndinausowa. Ndinazungulira konse, mbuzi zinamaliza. Ndiye ndinaona matumba a utuchi kushedi, ndinati uwu ndi wabwino kuposa udzu, wofewa, woyera. Ndinaiwala kuti mlungu umenewo timacheka matabwa a denga, oviika m'mankhwala a chiswe. Ndinathira wambiri, ndinathirira madzi pamwamba pake. Tsiku lachitatu masamba anapinda. Lachinayi anagona."

"Unkandiimbira tsiku lililonse."

"Asisi ako anali m'chipatala. Iwe sunkagona. Ndikanakuuza bwanji kuti ndapha..."

"Kuti wapha chiyani?"

"Ndinaopa. Ndinati ndiike ena kaye, ukabwera upume, kenako ndikuuze. Tsiku lililonse ndinkati mawa."

"Ukudziwa kuti tomato amamera mizu panthambi?"

Kalipentala anamuyang'ana osamvetsa.

"Tsiku limene masamba anapinda, ukanandiimbira, ndikanakuuza kuti dula nsonga zonse zisanu, uziike m'kapu ya madzi pawindo. Basi. Mlungu umodzi zikanatulutsa mizu. Ngakhale mwana wa sitandade wani akanatha." Anapukuta thukuta pamphumi. "Utuchi ndikanakukhululukira tsiku lomwelo. Ndiwe kalipentala, chilichonse umachiona ngati thabwa. Koma unali ndi masiku awiri oti uwapulumutse, iwe n'kuwathera kupima mbande za eni ndi tepi."

Kalipentala anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, m'fumbi momwemo, ndi buluku lake la kutchalitchi. Anagwira mutu.

"Sindimadziwa," ananong'ona. Patapita kanthawi anadzutsa nkhope. "Wati umadziwa. Unadziwa liti?"

"Ndisanatule chikwama."

"Masiku khumi? Wakhala ukundiyang'ana masiku khumi, ine ndikufunsa za ana athu, iwe ukuyankha kuti ali bwino?"

"Ndimakudikira."

"Umanditchera msampha."

"Ndimakutsegulira chitseko. M'mawa uliwonse."

"Ndiye tonse timanama," anatero Kalipentala, ndipo mawuwo anamupweteka Mlimi chifukwa munali kachoonadi.

Njinga yamoto inadutsa n'kuwasiyira fumbi. Palibe anadziphimba kumaso.

"Mitengo ya amayi unaitaya kuti?" anafunsa Mlimi. "Ndikufuna ndidziwe pamene yagona."

"Ndinaizula ndi mizu yomwe, ndinathamanga nayo kwa Wasitolo kuti aone ngati pali mankhwala. Anati ndimusiyire. Mawa lake anandiuza kuti yafa yonse, wataya kudzala."

"Unapita nayo kwa iye."

"Ndiye amadziwa za mbewu."

"Ine sindidziwa?"

Mlimi anayang'ana munthu amene anamukonzera chitseko kanayi, amene anamanga kadenga ka mabango dzuwa likumuwotcha msana, amene ankadziwa kumuseketsa tsiku lokumbukira imfa ya amayi. Ankamukondabe, ndipo zimenezo sizinathandize chilichonse.

"Usanditsatire," anatero.

* * *

Atafika kunyumba anapita molunjika kuseri, ali ndi diresi yomweyo. Anagwira tsinde la mtengo woyamba ndi manja awiri kuti auzule. Unali wonenepa, wozizira, wodzaza timaluwa tachikasu. Sunalakwe kanthu. Unangobzalidwa pamalo a wina, ndipo unkachita zimene unkadziwa. Anausiya.

M'malo mwake analowa m'nyumba, natenga kabotolo kaja ndi sefa ya tiyi. Anakhuthulira phulusa panyuzipepala n'kusefa. Anasefa kachiwiri. Kachitatu anapapasa ndi chala, pang'onopang'ono, kuti mwina kanjere kamodzi kanabisala. Anapeza kamwala ndi phiko la kachirombo.

Apo ndi pamene analira. Analira ngati mmene sanalirire pamaliro penipeni, pamene anali wotanganidwa ndi kulandira alendo ndi kubwereka mipando. Nthawi yonseyi, malinga ngati njerezo zinalipo, amayi anali ngati apita ulendo. Chaka chamawa akanabweranso m'masaka, oipa nkhope, akuda m'mapewa. Tsopano kunalibe chaka chamawa.

Foni inalira mpaka dzuwa kulowa, n'kuyambiranso Lamulungu m'mawa. Anali mauthenga a Kalipentala.

"Ndayankhula ndi amayi. Ndawauza kuti analakwa."

"Ndipita kwanu kumene munkakhala kale. Mwina pali amene amayi ako anamugawirako njere."

"Ndayenda tsiku lonse. Akuti anthu anasiya kalekale, onse amagula za m'mapaketi. Agogo ena akuti amawakumbukira. Akuti pepani."

"A Mlimi, ingonditukwanani. Chete ameneyu akundipha."

Mlimi anawerenga onse. Uthenga wa agogo aja anauwerenga kasanu. Anayamba kulemba kuti bwera, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Akulu ake ataimba anangowauza kuti walira, iwo n'kuti, "Wachita bwino. Tsopano idya."

* * *

Lolemba madzulo, dzuwa likadali pamwamba pa mpanda, munthu anagogoda pageti. Mlimi anapukuta manja, ndipo anali atakonza kale mawu oyamba omuuza Kalipentala. Atatsegula anapeza zikhadabo zofiirira zija zitagwira kachikwama.

"Ndilowe, asisi?" anafunsa Wasitolo, ali mkati kale.

Anayenda mpaka kuseri ngati anauzidwa njira, naima patsogolo pa masaka aja. "Mukuwasamala bwino. Ndimayesa ndipeza mwazula."

"Mwabwera kudzayendera mbande?"

"Ndabwera tiyankhule ngati akazi." Anatsamira nsanamira ya kadenga, n'kuisisita ndi chala. "Ntchito yake imadziwika. Ine munthu ameneyu ndamudikira zaka zisanu ndi zitatu. Bambo ake akudwala, ndine ndinkachapa zofunda. Iye ankanditcha mlongo, ine ndinkati palibe kanthu, tsiku lina adzatsegula maso. Ndiye anapita kukakonza chitseko chimodzi."

Mlimi sanayembekezere kuti amumvera chisoni, ndipo anadana nacho chisonicho. "Zimenezo mukamuuze mwini wake."

"Mwini wake samva. Koma inu mumva." Anatulutsa foni, anapapasa pang'ono, n'kumupatsira. "Taonani ichi."

Pachithunzipo panali chitini cha penti chotsamira khoma la malata. M'chitinimo munali mtengo wa matimati wowonda, wopindika, wa nthambi ziwiri zokha. Masamba ake anali otambalala, osalala m'mphepete. Ndipo pansi pa tsamba lina, zala za zikhadabo zofiirira zinagwirizira kachipatso kabiriwiri, kakang'ono ngati chibakera cha khanda, kokwinyika kale.

Mlimi anawazindikira Makwinya a amayi ake. Anakhala pandowa.

"Inayi inafadi," anatero Wasitolo. "Uwu ndinautsuka mizu, ndinaudula, ndinauika m'dothi latsopano. Ndinkangofuna kuona ngati ndingathe. Wayoyola maluwa onse ndi dzuwali, wagwira kamodzi komweka. Iye sakudziwa. Amayi akenso sakudziwa."

"Ndi wanga."

"Unali wakufa pamene unafika kwa ine."

"Ndi wa amayi anga. Chonde." Mlimi anamva liwu limenelo likutuluka pakamwa pake, ndipo anadziwa kuti walakwitsa kulitulutsa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera." Wasitolo ananjuta patsogolo pake kuti maso awo alingane, ndipo anayankhula mofatsa ngati nesi. "Tamverani, asisi. Amayi aja sadzakulandirani, mwaona nokha. Mudzalimbana chaka, zaka ziwiri, inu mudzatopa, iyenso adzatopa. Pamapeto mudzakhala mulibe mwamuna, mulibe matimati. Ine ndikukupatsani chimodzi chotsimikizika. Musiyeni. Mumuuze kuti zatha, ndipo zithedi. Pakatha mwezi kachipatsoka kapsa, ndidzakubweretserani ndi chitini chomwe. Mukakana, kadzalowa mumphika. Mukamuuza za chithunzichi, ndikauzula lero lomwe ndisanavule nsapato."

Mlimi ankamva mawuwo ngati akuchokera kutali. Anali atakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Masamba a m'munsi anali opindikira m'mwamba. Dothi la m'chitinimo linali poyera, long'aluka. Ndipo khoma la malata lija, masana liyenera kuti linkatentha ngati chiwaya.

"Chitinicho chichotseni pamalata," anamva pakamwa pake pakunena. "Chiikeni kumene dzuwa limafika m'mawa mokha. Muphimbire ndi udzu. Ndipo madzi musathire ambiri kamodzi, kang'aluka."

Wasitolo anamwetulira pang'onopang'ono. "Ndiye tagwirizana?"

Mlimi asanayankhe, geti linagogodwa mwamphamvu.

"Odi! A Mlimi!" Anali mawu a Kalipentala, osasa ngati a munthu amene wayenda padzuwa masiku awiri. "Ndikudziwa uli momwemo. Lero sindichoka. Ngati ukundisiya, utuluke undiuze ndikukuona m'maso."

Wasitolo anaimirira, nasasa fumbi pasiketi. Sanalande foniyo. Anaisiya m'manja mwa Mlimi, kachipatso kaja kakuwala pagalasi.

"Mwamva, akufuna yankho," ananong'ona. "Ndikamutsegulire ine, kapena mupita nokha?"